Mizukwa ya Hotela ya Crescent ndi Mabotolo a Norman Baker

Dzuwa likangolowa ku Eureka Springs, katauni ka m'mapiri a Ozark m'chigawo cha Arkansas ku America, kagulu ka alendo kamasonkhana m'hotela ya Crescent, aliyense tikiti ili m'manja. Wowaperekeza amawayendetsa m'makonde ataliatali, kuima pakhomo ili, kuloza zenera ilo, mawu atatsitsa ngati ali pamaliro. Amatsika nsanjika imodziimodzi mpaka kukafika kunsi kwenikweni, kuchipinda chomwe kale chinali mochale. Mmenemo muli tebulo lopimirapo mitembo, ndipo pambali pake pali kachipinda kozizira komwe ankasungiramo akufa. Ena amaseka mwamantha, ena amagwirana manja, ena amangojambula ndi foni paliponse poyembekezera kuti chithunzi chigwira chomwe maso alephera kuona.

Eni ake amailengeza kuti ndi hotela ya mizukwa kuposa ina iliyonse mu America. Komatu mlendo wodekha, akaima m'chipinda chija, funso loyamba kumubwerera silikhala la mizukwa ayi. Kodi mochale ikutani m'hotela?

Yankho lake limayambira pa madzi. Mapiri a kumeneko ali ndi akasupe oposa 60, ndipo anthu a mitundu yoyamba kukhala m'dzikolo ankawadziwa kalekale. Mu 1856 dokotala wina, Alvah Jackson, anati madzi a kasupe wotchedwa Basin achiritsa maso a mwana wake, ndipo patapita nthawi anayamba kuwathira m'mabotolo n'kumagulitsa ngati mankhwala a maso. Mbiri inadzabuka zenizeni mu 1879, woweruza milandu wina, L. B. Saunders, atalengeza kuti madzi omwewo amupoletsa nthenda ya pakhungu imene inamuzunza nthawi yaitali. Anthu anakhamukirako pa ngolo, pa akavalo, ena wapansi. Tauniyo inakhazikitsidwa pa 4 Julayi 1879 ili ya matenti ndi zisakasa, koma pofika 1881 inali yachinayi kukula m'chigawo chonse cha Arkansas. Akhungu, opuwala, a nyamakazi, a zilonda zosapola, onse anali pamzere ndi zikho zawo.

Pomwe pasonkhana odwala, amalonda sachedwa. Powell Clayton, yemwe anali mkulu wa asilikali pankhondo yapachiweniweni ya ku America kenako n'kukhala bwanamkubwa wa Arkansas, anapangana ndi anzake achuma zobweretsa njanji, ndipo sitima inafika mu 1883. Chinatsala ndi malo ogona oyenera anthu a ndalama. Anaitanitsa katswiri wojambula mapulani a nyumba, Isaac S. Taylor wa ku St. Louis, ndi amisiri osema miyala ochokera ku Ireland. Miyala yoyera anaikumba kufupi ndi mtsinje wa White, n'kuikoka mpaka pamsonga pa phiri loyang'ana tauni yonse. Hotela inatsegulidwa pa 20 Meyi 1886 itadya madola 294,000. Inali ndi magetsi, chikepe, mapaipi a nthunzi otenthetsera zipinda ndi holo yodyera ndi kuvinira. Alendo ankakwera akavalo m'mawa, masana kumwa madzi a m'kasupe, usiku kuvina.

Ulemererowo sunakhalitse. Madokotala atayamba kumvetsa za tizilombo toyambitsa matenda, olemera analeka kukhulupirira kuti madzi a m'phiri angachize chilichonse, ndipo zipinda zinayamba kugona zopanda anthu. Mu 1908 nyumbayo inasanduka koleji ya atsikana, ikumalandirabe alendo m'miyezi yotentha ophunzira akapita kutchuthi. Kolejiyo inatsekedwa mu 1924, inatsegulidwanso mu 1930, n'kutsekedwa kotheratu mu 1934 pamene chuma cha America chinali chitalowa pansi. Chinyumba cha miyala chija chinangotsala chikukalamba pamwamba pa phiri, ndipo anthu a m'tauni, omwe moyo wawo unkadalira alendo, anali pa usiwa.

Ndiye mu 1937 kunatulukira mwamuna wovala suti yoyera ndi malaya a pepo, akuyendetsa galimoto ya pepo. Anagula nyumba yonseyo ndi madola 40,000. Dzina lake linali Norman Baker.

Munthu ameneyu ngofunika kumuyang'anitsitsa, chifukwa popanda iyeyu sikukanakhala mochale, ndipo mwina mbiri ya mizukwa sikanakula chotere. Baker anabadwa mu 1882 ku Muscatine, tauni ya m'mphepete mwa mtsinje wa Mississippi m'chigawo cha Iowa. Sukulu anaisiya ali mnyamata n'kukaphunzira kukonza makina. Kenako analowa m'zisudzo zoyendayenda, momwe ankaonetsa mayi wina, pa dzina la pasiteji loti Madame Pearl Tangley, ngati wotha kuwerenga maganizo a anthu. Kumeneko n'komwe anaphunzira luso lomwe anadzadyera moyo wake wonse, logwira khamu la anthu ndi mawu mpaka likhulupirire chomwe silinaone. Mutu anali nawo ndithu. Anapanga chida choimbira choyendera mpweya chotchedwa Calliaphone, chomwe chinagulidwa kwambiri ndi a zionetsero, ndipo chinamulemeretsa. Mu 1925 anatsegula wailesi yakeyake, KTNT, zilembo zoimira mawu olonjeza omvera choonadi chosabisa kanthu.

Pa wailesiyo ankalankhula yekha kwa maola, ndipo alimi a m'midzi ankamumva ngati mnzawo. Ankanyoza mabanki, makampani aakulu, Akatolika, Ayuda, ndipo koposa onse madokotala. Ankati katemera ndi poizoni, mapoto a aluminiyamu amayambitsa khansa, ndiponso madokotala amang'amba anthu n'cholinga chofuna ndalama basi. Boma la Iowa litalamula kuti ng'ombe ziyezedwe chifuwa chachikulu, mawu ake anathandiza kuutsa alimi mpaka mu 1931 anachita kutumizako asilikali. Sanali munthu wamba wongobwebweta pakona. Mu 1930 Pulezidenti Herbert Hoover, ali ku White House, anadina batani loyambitsa makina osindikizira nyuzipepala ya Baker.

Za khansa anazilowa mu 1929, atamva kuti munthu wina wa ku Kansas City, Charles Ozias, ali ndi mankhwala ochiza nthendayi. Baker anaitanitsa odwala asanu kuti akayesedwe mankhwalawo iye akulipira. Asanuwo anamwalira mmodzimmodzi, koma magazini yake inalengezabe kuti khansa yagonjetsedwa, n'kumasindikiza zithunzi zawo ngati umboni. Apa m'pamene pamaonekera mtima wa munthuyu. Sananamizidwe ndi wina aliyense, ndipo sanali kudzinamiza. Maliro ankachitika iye akuona, koma chipatala anatsegulabe.

Mankhwalawo, monga zinadzaululikira kukhoti, anali nthanga za mavwende, ndevu za chimanga ndi masamba a kachitsamba ka clover, zosakanizidwa ndi mowa woyera, glycerin ndi asidi wa carbolic. Ankabaya nawo odwala jakisoni pafupi ndi chotupa. Mu Meyi 1930, pamaso pa chinamtindi cha anthu masauzande ambiri ku Muscatine, anaonetsa mlimi wina wokalamba yemwe anali ndi nthenda m'mutu. Anamutsegula chibade anthu akuona, kuthirapo mankhwala, Baker n'kulengeza kuti wachira. Mlimiyo sanakhalitse, anamwalira. Koma ochitira umboni anali atabwerera kale kwawo kukafotokozera abale awo odwala zomwe anaona ndi maso.

Bungwe la madokotala la American Medical Association linamutchula poyera kuti ndi kathyali, kudzera mwa mkonzi wa magazini yawo, Morris Fishbein. Baker analisumira kuti limupepese ndi madola 500,000, koma mlanduwo unamugomera mu 1932. Chaka cha 1931 boma linali litamulanda kale chiphaso cha wailesi, ndipo khoti lalikulu la Iowa linali litamuletsa kuchiza anthu popeza analibe pepala lililonse la udokotala. Wina akanagwa mphwayi. Iye anangowoloka malire kupita ku Nuevo Laredo m'dziko la Mexico, n'kukamanga wailesi ina yamphamvu koposa, XENT, yomwe mawu ake ankamveka usiku m'zigawo zambiri za America, lamulo la America osaikhudza. Anapikisanako ngakhale pa mpando wa bwanamkubwa wa Iowa ali kunja konko, ngakhale mavoti anapeza ochepa.

Munthu wa mbiri yotereyi ndi amene akuluakulu a Eureka Springs anamulandira ndi manja awiri. N'zosavuta kuwaweruza lero, koma tauni inali itafa, ndipo mlendoyu ankalonjeza ntchito, masitima odzaza ndi ndalama m'masitolo. Baker anapenta m'kati mwa hotela ndi mitundu yowala, pepo ali patsogolo, anaika Calliaphone padenga, n'kusamutsa odwala omwe anali adakali kuchipatala chake cha ku Iowa. Ofesi yake anaitchinga ndi magalasi osabooka ndi chipolopolo, mfuti zili pafupi, poti ankati adani ake akufuna kumupha. Kenako makalata ndi timabuku zinayamba kutuluka m'matumbamatumba kupita m'dziko lonse. Zinkaonetsa nyumba yokongola pamwamba pa phiri, mpweya wabwino, madzi a m'kasupe, ndipo zinkalonjeza kuchiza khansa popanda mpeni, popanda radium, popanda X-ray.

Lonjezo limeneli linali lolemera kwambiri m'zaka zimenezo. Mankhwala a khansa odzera m'mitsempha anali asanabwere, anadzayamba m'ma 1940. Wodwala ankangosankha pakati pa opaleshoni yaikulu ndi kuwotchedwa ndi cheza, ndipo ambiri ankafika kwa dokotala nthenda itakula kale n'kuuzidwa kuti palibenso chochita. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi amene wauzidwa kuti mwamuna wake watsala ndi miyezi itatu safunsa za chiphaso cha munthu amene akumuuza kuti achira. Aliyense amene anadwazikapo matenda aakulu akudziwa mmene makutu amatsegukira mawu oterewa, ndiponso mmene m'bale wokayikira amaonekera ngati wopanda chikondi. Mabanja anabwera ndi ndalama zomwe anasunga moyo wawo wonse, m'nthawi yomwe ndalama inali yosowa kuposa kale lonse.

Chomwe ankalandira chinali jakisoni wa nthanga za mavwende, chakudya chabwino ndi malangizo oti aziganiza zabwino. Ena anali ndi zotupa zoti dokotala weniweni akanazichotsa n'kupulumuka, koma nthawi inawathera paphiripo. Awa ndi amene Baker anawalakwira koposa, pakuti sanangowabera ndalama, anawabera miyezi imene ikanawapulumutsa. Operekeza alendo masiku ano amasimba kuti odwala akafika pobuula usiku ankasamutsidwira kumbali ina ya nyumba kuti anzawo asamve, ndiponso kuti ena ankasainitsidwa makalata onena kuti akupeza bwino, oti azitumizidwa kwa abale pambuyo pake. Zimenezi zimayenda pakamwa. Chosakayikitsa ndi chipinda chija cha kunsi, tebulo lake ndi kachipinda kake kozizira, m'chipatala chomwe chinkalengeza kuti anthu amachokamo ali bwino.

Boma linamugwira mu 1939, ndipo mlandu unazengedwa ku Little Rock mu Januwale 1940. Chomvetsa chisoni n'chakuti sunali mlandu wopha kapena wozunza odwala. Anamugwirira pa makalata, kuti anagwiritsa ntchito positi ofesi pobera anthu mwachinyengo. Ofufuza anawerengera kuti pa zaka zonse za malonda ake a khansa anakolola madola pafupifupi 4 miliyoni. Chilango chinali zaka zinayi ndi chindapusa cha madola 4,000. Anakagwira ukaidi kundende ya Leavenworth ku Kansas, anatuluka mu 1944, n'kukakhala ku Florida mwa mtendere ndi chuma chake. Anamwalira ku Miami mu Sepitembala 1958 ndi nthenda ya chiwindi, ali ndi zaka 75. Mtembo wake anakauika kwawo ku Muscatine.

Nyumba ija inakhalanso yotseka mpaka 1946, pamene amalonda anayi a ku Chicago anaigula n'kuibwezera ku uhotela. Mu Malichi 1967 moto unanyeketsa denga ndi nsanjika ya pamwamba. Inapitirira kusinthana manja, ikukalamba, mpaka mu 1997 pamene Marty Roenigk ndi mkazi wake Elise anaigula ndi madola 1.3 miliyoni n'kuyamba kuikonza. Banjali linkakonda zinthu zakale, ndipo linabwezeretsa denga monga linalili moto usanachitike.

Nkhani za mizukwa zinalipo kale pakati pa oyala mabedi, ophika ndi alonda a usiku. Chatsopano chinali choti eni hotela anaziika pamsika. Anaitana anthu awiri odziwika kuti amalankhula ndi mizimu kuti ayendere nyumba yonse, ndipo maulendo a usiku aja anayambika. Mu 2005 pulogalamu ya pa kanema ya Ghost Hunters inaonetsa chithunzi cha kamera yoona kutentha, chojambulidwa kumochale, chomwe ambiri anati ndi munthu waima pafupi ndi kabati. Kuyambira pamenepo zipinda zinayamba kudzaza, ndipo chipinda chomwe chimalimbiranidwa kwambiri ndi 218.

Mwini wake wa 218, malinga ndi nthano, ndi Michael, mnyamata wa ku Ireland wa m'gulu la osema miyala aja, amene akuti anagwa kuchokera pamwamba nyumba ikumangidwa n'kufera pamalo pomwe pali chipindacho. Ogonamo amasimba za zitseko zotseguka zokha, magetsi ozima n'kuyakanso, kugogoda m'khoma. Amamufotokoza ngati mnyamata wa nthabwala, wokonda kuseweretsa amayi. Mu 419 muli Theodora, mayi wa m'nthawi ya Baker, amene amaoneka pakhomo akufufuza makiyi m'chikwama. Iyeyu akuti sakonda uve. Mlendo akasiya zovala mbwee, amadzapeza zitapindidwa, ndipo banja likakangana usiku limadzuka katundu atalongedzedwa pafupi ndi chitseko. Palinso nesi wokankha bedi la matayala m'khonde pakati pa usiku, fungo la fodya wa m'kaliwo pafupi ndi pomwe panali ofesi ya dokotala wa hotela wa m'zaka zoyambirira, John Freemont Ellis, mtsikana wa pakoleji amene akuti anagwa kuchokera pakhonde la m'mwamba, ndi kamwana kodunditsa mpira. Ngakhale mphaka ali m'gulumo. Morris analowa m'hotelamo mu 1973, anakhalamo zaka 21 antchito akumutcha bwana wamkulu, ndipo manda ake ali m'munda wa maluwa. Alendo ena amati amamumva akudzikhula pamiyendo yawo.

Mchewa akamva mndandanda umenewu akhoza kudabwa kuti zonsezi zikutchedwa mizukwa. Kwathu mawu amasiyanitsa. Mzimu wa kholo ndi wa pabanja, umabwera kumaloto ndi uthenga, umakumbutsa amoyo chomwe aiwala, ndipo ukakwiya pamakhala choti akonze. Mzukwa ndi chinthu choopsa, wakufa wosagona m'manda, woti munthu ukakumana naye suyembekezera kuti akupindira malaya. A ku Crescent sali mbali iyi kapena iyo. Sapempha kanthu, sadandaula kanthu, saimba munthu mlandu. Amaopseza pang'ono chabe, mokwanira kuti mlendo akhale ndi chokasimba kwawo koma osathawa usiku asanalipire.

Si ku Arkansas kokha. Hotela ya Stanley ku Estes Park m'chigawo cha Colorado, yomwe inatsegulidwa mu 1909, inatchuka Stephen King atagona m'chipinda 217 mu 1974 n'kulemba buku lake la The Shining, lomwe linatuluka mu 1977. Mzukwa wa m'chipinda chimenecho akuti ndi Elizabeth Wilson, wantchito yemwe anavulala gasi ataphulika mu 1911 koma n'kupulumuka. Iyenso mbiri yake ndi yolongedza katundu wa alendo ndi kukonza m'chipinda. Hotela ziwiri zotalikirana chotere, mizukwa yake n'kukhala yaulemu mofanana, ikugwira ntchito ya m'hotela momwemo. Nthano zimasulidwa ndi pakamwa pa ozisimba, ndipo zomwe zimakhalitsa ndi zomwe sizithamangitsa makasitomala.

Izi sizikutanthauza kuti alendo amanama. Nyumba ya zaka zoposa 130 imalira yokha usiku. Matabwa amatakasuka kukazizira, mapaipi amagogoda, zitseko zakale zimatsatira mphepo ya m'makonde. Munthu wogona malo achilendo sagona tulo tonse. Ofufuza a pa yunivesite ya Brown anaonetsa mu 2016 kuti usiku woyamba pamalo atsopano mbali imodzi ya ubongo imakhala tcheru kuposa inzake, ikumvetsera kaphokoso kalikonse. Ndipo chomwe munthu wauzidwa chimatsogolera chomwe amve. Mu 1997 Rense Lange ndi James Houran anayendetsa anthu 22 m'nyumba ina yakale ya zisudzo ku Illinois. Theka anauzidwa kuti muli mizukwa, theka anauzidwa kuti nyumbayo ikungokonzedwa. Oyambawo ndi amene anatuluka ndi nkhani zambiri za zachilendo. Tsono mlendo wa ku Crescent amakagona atangochoka kumene kumochale, nkhani ya nesi ndi bedi lake ili m'makutu.

Pali chabwino chimene nthanozi zachita, ndipo n'kulakwa kuchibisa. Hotela zambiri za msinkhu umenewu ku America zinapsa, zinagwetsedwa, kapena zinangosiyidwa mpaka kugumuka. Crescent ilipo, ikulemba anthu ntchito m'tauni ya anthu ongopitirira 2,000, ikuchititsa maukwati, ndipo mu 2016 inalowa m'kaundula wa boma wa malo a mbiri yakale. Ndalama za matikiti a usiku zathandiza kusunga makoma omwe amisiri a ku Ireland anasema. Komanso operekeza alendo sabisa za Baker. Anthu ambiri amene sakanatsegula buku la mbiri ya zachipatala amamva dzina lake koyamba pa ulendo wa mizukwa.

Chovuta chili pa kukula kwa mbali iliyonse m'nkhaniyo. Michael alibe dzina la bambo ake, Theodora chimodzimodzi, koma ndi amene ali ndi zipinda, zithunzi ndi malaya ogulitsa m'sitolo ya hotela. Anthu enieni amene anakwera phirilo ndi chotupa m'bere kapena m'mimba, amene anali ndi maina onse, midzi yawo ndi ana owadikira, amangotchulidwa pamodzi kuti odwala a Baker. Kubuula kwawo kwasanduka zokometsera ulendo wa usiku. Munthu amene anaika m'manda mayi ake atamwalira ndi khansa sangaime m'chipinda chija n'kuseka nawo momasuka. Ndipo Baker mwini, mu suti yake yoyera, naye analowetsedwa m'gulu la mizukwa, akuti amaoneka pafupi ndi masitepe. Wasanduka mmodzi wa zokopa alendo, mofanana ndi mphaka Morris. Kumuika pamenepo n'kumupeputsira mlandu, chifukwa zoipa zake anazichita ali moyo, masana, ndi sitampa ya positi ndi maikolofoni, akuluakulu a tauni akumuombera m'manja.

Kenako nthaka inalankhula. Mu Febuluwale 2019 mayi wosamalira kapinga ndi maluwa a hotela ankasalaza malo kuseri kwa nyumba ndi makina okumbira, ndipo anaona mabotolo akutuluka m'dothi. Apolisi anaitanidwa, kenako akatswiri ofukula zakale a bungwe la Arkansas Archeological Survey. Mu Epulo anakumba mosamala n'kutulutsa mabotolo oposa 400 a m'nthawi ya Baker. Ena anali a mankhwala. Ena anali otsekabe, muli madzi oyera ndi tizidutswa tooneka ngati mnofu, ndipo angapo anatumizidwa kukapimidwa. Anapezanso zidutswa za filimu yakale.

Mabotolowo sanali achilendo kwa odziwa mbiri ya nyumbayi. Timabuku ta Baker tinkaonetsa mashelefu odzaza mabotolo otere, iye akuti ndi zotupa zomwe mankhwala ake anatulutsa m'matupi a anthu ochira. Chinali chionetsero chofanana ndi chija cha mlimi wa ku Muscatine, umboni woika patsogolo pa wodwala watsopano ndi mkazi wake kuti atulutse ndalama. Kwa zaka zambiri ankangomveka m'nkhani za antchito akale, omwe ankati mashelefuwo analipodi kunsi kwa hotela mpaka tsiku lina eni ake ena analamula kuti zonse zikatayidwe. Anazitaya kuseri, pamtunda wongoyenda mphindi zochepa kuchoka pomwe akwati amajambulitsa zithunzi.

Hotela inamanga kanyumba pamwamba pa dzenjelo kuti alendo aziona pomwe panakumbidwa, ndipo ena mwa mabotolowo anabwezedwa kumochale, pa mashelefu. Ulendo wa usiku tsopano umadutsa pamenepo. Woperekeza amawalitsa tochi pa magalasi akudawo limodzilimodzi, ndipo m'botolo lina, pansi pa madzi omwe akhalamo chiyambire zaka za m'ma 1930, mumaoneka kachidutswa kotuwa, kopanda pepala lonena kuti kanachokera m'thupi la yani.